Magazini akale si oyatsira mbaula

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo pofika kunyumba ndapeza mwana wa achemwali anga wagwada pakhonde akukupiza mbaula, m'manja muli chikuto cha magazini ya Moni chong'ambika pakati, theka lake lapsa kale. Nditamufunsa akuti, "Malume, makalawa amavuta kuyaka, ndiye ndangotengako mapepala akale aja musutikesi muja." Mapepala akale! Ati mapepala!

Amenewo si mapepala, anthu inu. Moni anayamba kutuluka mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu, ndipo ena mwa amene ali musutikesimo malemu bambo anga ankagula okha, nkulemba dzina lawo ndi inki pakona ya chikuto. Mulinso Drum wa ku Johannesburg amene anabwera naye pochokera ku migodi nthawi ya Wenela, ulendo uja usanaimitsidwe mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Ine ndakhala ndikuwonjezera mmodzimmodzi, ena ndimachita kuwapempha kwa agogo a m'makomo mwa anthu, ena kuwalanditsa kwa amayi ogulitsa mandasi asanakulungire. Ndawateteza ku chiswe, ku mphemvu, ku denga lodontha. Lero athere pa mbaula ya nyemba?

Chikuto chija ndinkachidziwa ngati nkhope ya m'bale wanga. Utoto wake unali utayamba kufiira, m'mphepete mutapindika, ukachinunkhiza fungo la sutikesi ya bambo limakubwerera. Pachikuto ndi pomwe umaona mmene amayi ankamangira duku, kutalika kwa madiresi a masiku amenewo, mapesedwe a tsitsi a anyamata, ngakhale mtengo wa magaziniyo, wina wolembedwa m'mashereni, wina m'matambala kwacha itabwera mu 1971. Zimenezi ukazipeza kuti? Pa Facebook?

Mwina vuto ndi loti ana a lero anakulira pa foni, kaya. Koma akuluakulu nawonso ndi chimodzimodzi. Achemwali nditawadandaulira angoti, "Achimwene, tsabola wakale sawawa, musamuzunze mwana chifukwa cha zinyalala." Ayi ndithu. Tsabola ameneyu akuwawa, ndipo wandiwawa usiku wonse. Chinthu chimene munthu wasunga zaka zonsezi si chinyalala. Si chokulungira usipa, si choyala pa shelefu, si chophimbira mabuku a kusukulu. Ngati sukudziwa ntchito yake, funsa mwini wake. Kufunsa kokha basi, kukuvuta chiyani?

Ndipo khalidwe lomweli ndi limene latimalizira zithunzi za makolo athu. Munthu akangomwalira, maliro asanathe nkomwe, abale ali kalikiliki kulimbirana mipando, njinga ndi malata, koma alubamu ya zithunzi yatayidwa kuseri kwa nkhokwe, mvula ikuyikhathamiritsa. Kwathu chithunzi cha ukwati wa agogo tinachipeza ana akuseweretsa pamchenga, nkhope ya agogo aakazi itafufutika kale.

Sutikesi ija ndagulira loko m'mawa uno.