Ukazembe si ganyu, abale

Zandinyansa kwabasi. Munthu akwere ndege kukakambirana ndi Vladimir Putin zothetsa nkhondo ya ku Ukraine, nkhondo imene yakhala ikupha anthu chiyambire February 2022, koma osatenga womasulira wakewake? A NBC News anaulula mu May 2025 kuti Steve Witkoff, nthumwi yapadera ya Donald Trump, anakumana ndi Putin mu February, March ndi April akudalira omasulira a ku Kremlin, likulu la boma la Russia. Bamboyu ntchito yake ndi yomanga ndi kugulitsa nyumba ku New York, Chirasha sachimva. Pambali pa Putin pamakhala mlangizi wake Yuri Ushakov, amene anakhala kazembe wa Russia ku America pafupifupi zaka khumi. Ndiye mukuti anatuluka m'chipindamo atamva zonse ndani?

Ndani amapita ku bwalo la mfumu pa mlandu wa malire a munda n'kukabwereka mboni kwa yemwe akulimbana nayeyo? Ukazembe si ganyu. Ndi ntchito imene munthu amaiphunzira zaka ndi zaka, kuyambira ponyamula mafayilo mpaka kudzakhala pa tebulo.

Womasulira wako samangomasulira ayi. Amamva zimene anzakowo akunong'onezana, amakutsina khutu womasulira wawo akafewetsa mawu kapena akadumpha chiganizo, kenako amakhala pansi ndi mlembi kulemba zonse zimene zayankhulidwa, chikalata chimene Amereka amachitcha memcon. Chikalatacho chimatumizidwa ku likulu mwamsanga kuti nduna iwerenge, akuluakulu a asilikali awerenge, ndipo mayiko ogwirizana nawo auzidwe chinthu chimodzi. Popanda chimenecho dziko lonse limangodalira zimene mutu wa munthu mmodzi wotopa ndi ulendo wasunga. Witkoff atakumananso ndi Putin pa 6 August 2025, manyuzipepala analemba kuti atsogoleri a ku Ulaya anabalalika mutu chifukwa nkhani ya madera amene Russia akuti yavomera kusiya inkasinthasintha. Pa 15 August Trump ndi Putin anakumana ku Anchorage ku Alaska, anajambulitsa, mfuti sizinaleke kulira. Ndi Trump yemweyu ankalonjeza pa kampeni kuti nkhondoyi aithetsa m'maola 24.

Kugwirana chanza sikuletsa mfuti. Pangano loleka kumenyana limafuna ola lenileni loyambira, mzere wa pa mapu wosonyeza pamene gulu lililonse laima, mtunda wobwezera zida zikuluzikulu, anthu oyang'anira, komanso chochita wina akaphwanya. Pangano la Minsk la pa 12 February 2015, loti liletse kumenyana kumene kunalipo kale ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine, linali ndi mfundo 13. Linati mizinga italikirane makilomita 50, zoponyera maroketi 70, zina zoopsa kwambiri 140, ndipo a OSCE, bungwe loona za chitetezo ku Ulaya, aziyang'anira. Koma atsogoleri anayi, Merkel wa Germany, Hollande wa France, Putin ndi Poroshenko wa Ukraine, analiumba usiku umodzi mothamanga. Tauni ya Debaltseve sanaitchule, ndipo inagwa m'manja mwa zigawenga zothandizidwa ndi Russia pa 18 February, patangotha masiku atatu kuchokera pamene mfuti zimayenera kukhala chete. Zoti chiyambe n'chiyani, chisankho ku Donbas kapena kuchoka kwa asilikali akunja, anakanganirana zaka 7 mpaka nkhondo yaikulu inabuka. Ngati pepala la mfundo 13 linabooka chonchi, nanga munthu wopita yekha wopanda mlembi adzabwera ndi chiyani?

Taonani mmene nkhondo ya ku Bosnia inathera. Richard Holbrooke wa ku America, amene anayamba ukazembe ali mnyamata ku Vietnam, anatsekera Milošević wa Serbia, Tuđman wa Croatia ndi Izetbegović wa Bosnia pa malo a asilikali ku Dayton, Ohio, masiku 21 mu November 1995. Sanali yekha. Anali ndi Christopher Hill wodziwa bwino dera la Balkans, maloya olemba malamulo aakulu a dziko, ndi mkulu wa asilikali Wesley Clark woona za mapu. Anagawa nthaka 51 kwa 49 peresenti phiri ndi phiri, anakangana za msewu wopita ku Goražde, ndipo mzinda wa Brčko utawakanika anausiyira oweruza apadera m'malo monamizira kuti zatheka. Kenako asilikali pafupifupi 60,000 otsogozedwa ndi NATO anapita kukalondera. Panganolo lili ndi zilema zake zambiri, koma nkhondoyo sinabwererenso. William Burns, kazembe wina wa America, naye anakumana ndi a ku Iran mwachinsinsi ku Oman mu 2013, popanda makamera, ndipo zokambiranazo ndi zimene zinatsegula njira ya pangano la nyukiliya la mu July 2015. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ena akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, si Witkoff yemweyu anathandiza kuimitsa nkhondo ku Gaza mu January 2025? Anakankha, inde, ndipo sitimumana zimenezo. Koma pepala limene anakankhalo linali pa tebulo kuyambira May 2024, Burns ndi anzake a ku Qatar ndi Egypt atalisula miyezi yambiri. Mnzake wa pulezidenti akhoza kutsegula chitseko poti onse amadziwa kuti akaimba foni ayankhidwa. Kulemba, kuwerenga mapu, kukumbukira zimene Lavrov, nduna ya zakunja ya Russia, analonjeza kalekale n'kusachita, zimenezo ndi za anthu a ntchito. Lavrovyo wakhala nduna kuyambira 2004, ndipo asanatero anakhala zaka khumi ku United Nations. Mwina atsogoleri masiku ano sakhulupirira antchito a boma, kaya amangofuna chithunzi chamsanga, zilibe kanthu. Mu July 2025 State Department, unduna wa zakunja wa America, inachotsa ntchito anthu oposa 1,300. Ukuthamangitsa odziwa kuzima moto nyumba ikuyaka, n'kumatiuza kuti ukufuna mtendere?

Ndipo tisaseke kwambiri, kwathu kunonso matendawa alipo. Boma likangosintha, akazembe amaitanidwa kubwerera kumudzi, m'malo mwawo n'kupita amene anavina kwambiri pa kampeni, pamene anthu a ku unduna wa zakunja amene anaiphunzira ntchitoyi akukalambira pa desiki ku Capital Hill. Nkhani ya nyanja ndi Tanzania ikadali pomwepo. Imafuna munthu woti pangano la Heligoland la mu 1890 pakati pa Britain ndi Germany alidziwe ndime ndi ndime, adziwenso zimene tinapereka kwa Joaquim Chissano ndi amkhalapakati anzake. Tsiku limene nkhaniyi idzatenthenso, tidzatuma ndani, mlamu wa nduna?