Njira yachidule ikadziwika ndi aliyense

Ena alemba kuti dalaivala aliyense akamatsatira Google Maps posankha njira yachangu, kuthithikana kwa magalimoto kudzatha. Apa ndiye ndakana, akuluakulu.

Katswiri wa masamu wa ku Germany, Dietrich Braess, anaonetsa kale mu 1968 kuti kuwonjezera msewu kungathe kuchedwetsa aliyense. Tiyerekeze magalimoto 4,000 ndi njira ziwiri. Njira iliyonse ili ndi chigawo chotakasuka cha mphindi 45, komanso chigawo chopanikiza chomwe magalimoto 100 alionse amawonjezerapo mphindi imodzi. Akagawana, 2,000 uku 2,000 uko, aliyense amafika pa mphindi 65. Mukangolumikiza zigawo zopanikiza ziwirizo ndi kamsewu kachidule kosadya nthawi, onse amakhamukira komweko: 40 kuphatikiza 40, mphindi 80! Wobwerera yekha kunjira yakale amatha mphindi 85, ndiye ndani angayambe kubwerera?

Akatswiri a sayansi ya makompyuta, Tim Roughgarden ndi Éva Tardos, anatsimikizira kuti ngati kuchedwa kukukwera molingana ndi kuchuluka kwa magalimoto, nthawi yonse yothera pamsewu pamene aliyense akungosankha njira yomukomera yekha siingapose 4/3 ya nthawi yomwe ikanatha anthu atagawidwa bwino. Komatu masamu amenewo amatenga ngati magalimoto akuyenda chimodzimodzi tsiku lonse. M'mawa sizikhala choncho. Mzere umayamba, umakula, umasefukira m'mbuyo mpaka kutseka mphambano, n'kutsekereza ngakhale anthu amene akulowera kwina. Foni ikukuuzani kuti njira inayo ili pululu, koma uthenga womwewo aulandiranso anzanu ambirimbiri. Pomafika inu mukupeza mzere utandandalika kale.