Chidindo cha pa pulani si chogulitsa

Lero ndikufuna ndilankhule ndi inu akatswiri ojambula mapulani a nyumba, maakitekiti, pamodzi ndi anzanu mainjiniya, komanso ife eni nyumba amene timakupatsani ntchito. Amene amakulipirani ndi mwini nyumba, zimenezo palibe akutsutsa. Koma mukamadinda pulani ija ndi kusayina dzina lanu, mukulonjeza anthu ena amene simudzawaona n'komwe: mnyamata wokanda matope kunsi kwa silabu yanu, mayi amene adzachite lendi chipinda chapamwamba, mwana amene azidzadutsa m'mbali mwa khoma lanu popita kusukulu. Anthu amenewa satha kuwerenga pulani ndipo alibe choyezera mphamvu ya konkire. Amangolowa, pokhulupirira kuti alipo wina wophunzira amene anaona zonse n'kuvomereza.

Pa 6 May 2024, Lolemba masana, nyumba ya nsanjika zisanu imene inkamangidwa mu msewu wa Victoria m'tauni ya George ku South Africa inagwa yonse m'kanthawi kochepa. Pantchitopo panali anthu 62. Anthu 34 anafa. Opulumutsa anthu anakumba usana ndi usiku kwa masiku oposa khumi, ndipo mmisiri wina woika matailosi anamutulutsa wamoyo atakhala m'zigumukire maola 118. Chimene chinandilasa mtima kwambiri n'chakuti akuluakulu a tauniyo anachita kulengeza kuti akufuna mwamsanga alangizi odziwa Chichewa, Chipwitikizi ndi Chishona, oti akalankhule ndi opulumuka komanso achibale amene ankadikira uthenga panja. Ndiye kuti pansi pa konkire ija panali anthu athu, abale amene anakwera basi ya ku Joni kuti akapeze ndalama ya malata ndi fizi ya ana. Ena mwa iwo anabwerera kwawo m'mabokosi.

Timati chakudza sichiimba ng'oma, koma ku George chinaimba, ndipo chinaimba nthawi yaitali. Mu July 2025 nduna yoona za zomangamanga ya dzikolo, Dean Macpherson, inauza anthu zimene ofufuza anapeza, ndipo inanena mosabisa kuti ngoziyo ikanapeweka. Ogwira ntchito anali ataona kale ming'alu m'chipinda chapansi penipeni, koma ming'aluyo inangomatidwa ntchito n'kupitirira. Ena anamva silabu ikunjenjemera kutatsala masiku ochepa kuti nyumbayo igwe. Konkire imene inayenera kukhala ndi mphamvu ya pakati pa 19 ndi 25 MPa (muyeso wa kulimba kwa konkire) inapezeka ndi 13 yokha. Munthu amene analembedwa kuti aziyang'anira chitetezo cha antchito anasiya ntchito pakati, koma ngakhale zinatero palibe anaimitsa zomangazo. Injiniya amene anali ndi udindo pa nyumbayo anapezeka kuti analibe luso lokwanira pa nyumba yaikulu choncho, ndipo bungwe la mainjiniya la ECSA linamufufuta m'kaundula ndi kumulipitsa chindapusa.

Mwina akitekiti wina akuti, "Amenewotu ndi mainjiniya, ife timangojambula maonekedwe." Bwana wanga, maganizo amenewo ndi amene anapha anthu 72 ku London.

Nyumba ya Grenfell Tower, ya nsanjika 24, inapsa usiku wa pa 14 June 2017. Moto unayambira pa firiji m'nyumba ya munthu mmodzi pa nsanjika yachinayi, moto woti ukanathera momwemo. Koma chaka chimodzi m'mbuyomo nyumbayo inali itavekedwa zophimba zakunja za aluminiyamu zokhala ndi pulasitiki m'kati, ndipo moto utangofika pa zophimbazo unathamanga mpaka pamwamba m'mphindi zowerengeka. Poyamba anafuna kuika zophimba za zinc, koma anasintha pofuna kupulumutsa ndalama pafupifupi mapaundi 293,000. Kafukufuku amene anatsogolera Sir Martin Moore-Bick anatulutsa lipoti lake lomaliza mu September 2024, ndipo linanena kuti kampani ya maakitekiti ya Studio E ili ndi gawo lalikulu kwambiri pa ngoziyo. Kampaniyo inali isanagwirepo ntchito yophimba nyumba yaitali ngati imeneyo, koma ntchito inailandira. Sinazindikire kuopsa kwa zipangizozo. Inkaganiza kuti za moto akuziona ndi ena, enawonso ankaganiza kuti akuziona ndi ena, mpaka panalibe amene ankaziona. Palibe anadzuka m'mawa n'cholinga chopha munthu. Aliyense anangoti gawo limenelo si langa.

N'chifukwa chake ine sindiona malamulo a khalidwe la maakitekiti ngati mapepala ongosunga mu ofesi. Mukawerenga a ku Britain, amene amayang'aniridwa ndi Architects Registration Board, kapena a ku South Africa, a bungwe la SACAP, mupeza kuti mitu yake ndi yofanana. Usalandire ntchito imene sungaithe. Usasayine chimene sunajambule kapena kuyang'anira. Ngati uli ndi phindu lina pa ntchitoyo, mwina wogulitsa matailosi ndi mlamu wako kapena kontilakitala akukupatsa kenakake, uuze mwini nyumba asanasankhe. Mgwirizano ukhale wolembedwa, wonena ntchito yako iyambira pati, ithera pati ndipo malipiro ndi angati. Ndalama za kasitomala usazisakanize ndi zako. Ndipo pamwamba pa zonsezi, moyo wa anthu umaposa chifuniro cha amene wakulemba ntchito. Kuno kwathunso dzina loti akitekiti silongodzipatsa. Munthu amaphunzira zaka zambiri, ambiri mwa athu anadutsa pa Polytechnic imene pano ndi MUBAS, kenako amagwira ntchito pansi pa anzake odziwa, ndiye amalembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors. Lilipo bungwe lawo la Malawi Institute of Architects. Malamulo alipo.

Koma lamulo lachiwiri lija, losasayina chimene sunajambule, ndi limene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa aliyense amene anayesapo kumanga m'tauni akudziwa mmene zimayendera. Ukufuna pulani ya mashopu pansi, maofesi pamwamba. Wapita kwa katswiri wovomerezeka, wakuuza mtengo, wati n'kudula. Mnzako akulozera mnyamata wina amene ali ndi kompyuta, wojambula bwino ndithu, zithunzi zokongola zamitundumitundu, mtengo wake wochepa. Mnyamatayo sanafikepo pa puloti yako. Sakudziwa ngati pali dambo, ngati nthaka yake ndi ya makande imene imafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ngati madzi a m'phiri amadutsa pomwepo. Watenga pulani imene anajambulira munthu wina dera lina, wasintha dzina ndi nambala ya puloti. Tsopano kukhonsolo akufuna chidindo cha munthu wolembetsedwa. Ndiye akukuuza kuti, "Musadandaule bwana, ndili ndi mdala wina amatidindira, mungowonjezera pang'ono." Mdalayo atsegula mapepala aja pa boneti ya galimoto, adinda tsamba lililonse osawerenga, asayina, alandira envulopu, basi wapita.

Munthu wotereyu ali ngati dalaivala amene wabwereka kondakitala laisensi yake n'kumusiyira minibasi yodzaza anthu. Kwa ine wolakwa kwambiri pa anthu atatuwa ndi wodinda uja. Mnyamata wa kompyuta akusaka chakudya ndipo mwina sakudziwa n'komwe zimene sakuzidziwa. Mwini nyumba akuthawa mtengo. Koma wodinda anaphunzira, akudziwa chimene chimachitika nsanamira ikachepa, ndipo akudziwa kuti wogwira ntchito kukhonsolo akaona dzina lake mtima ukhala pansi. Wagulitsa chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa anzake onse a ntchitoyo, kuphatikizapo achinyamata oona mtima amene akusowa ntchito chifukwa iye waphwanyitsa mtengo.

Ndiye pali za pamalo omangira penipeni. Amene anaimapo pa saiti tsiku lothira silabu akudziwa mmene kumakhalira: mawilibala ali piringupiringu, anyamata akuimba, folomani akukuwa kuti simenti ithiridwe dzuwa lisanalowe. Tsiku limenelo lisanafike pamayenera kubwera katswiri, akwere pamwamba, aone zitsulo ndi maso ake. Pamene pulani inati zitsulo za Y12 aikapo zomwezo kapena zowonda za Y10? Mipata yake ndi yomwe inalembedwa, kapena aitalikitsa kuti zitsulo zina zikagone kunyumba kwa folomani? Zitsulo zanyamulidwa pang'ono kuti konkire izikute, kapena zagona pa matabwa? Konkire ikangothiridwa palibenso amene adzaone zimenezi mpaka tsiku limene nyumba idzazionetse yokha. Pambuyo pake konkire imafuna kuthiriridwa madzi, ndipo mphamvu imene inalembedwa pa pulani imayezedwa pakatha masiku 28. Koma mupeza mitengo yochirikiza silabu yachotsedwa msanga chifukwa ikufunika pa ntchito ina, ndipo njerwa za nsanjika yotsatira zaunjikidwa kale pamwamba. Katswiri amene walandira ndalama yoyang'anira ntchito koma amangoimba foni kufunsa kuti "zikuyenda?" wabera mwini nyumba, ndipo waika pangozi aja ali pansi.

Tisaiwalenso kuti dziko lathu lili m'chigwa chimene nthaka imagwedezeka. Salima inaona chivomezi mu 1989, Karonga mu December 2009. Nyumba imene ikungoima mwamwayi lero sidzadikira kuti tikonzeke.

Ndikudziwa chimene akatswiri ena anganene, ndipo sindikuchipeputsa. Ntchito n'zosowa. Ukakana, kasitomala apita kwa wina amene avomere, iwe ana ako agona ndi njala. Makasitomala enanso ndi anthu amphamvu oti kuwakana n'kudzitsekera zitseko zambiri. Zoonadi, kukana kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi munthu mmodzi payekha. Koma nanga dzina lija loti akitekiti analitetezeranji ndi lamulo? Analiteteza kuti pakhale munthu mmodzi pa saiti amene angayang'ane mwini ndalama m'maso n'kunena kuti, "Pepani bwana, maziko awa tinawakonzera nsanjika ziwiri, yachitatu sindisayina." Wokanda matope sangatero, mawa lomwelo amuchotsa. Amene alibe mapepala m'dziko la eni ndiye sangayerekeze n'komwe kutsegula pakamwa. Ngati wophunzira nayenso akhala chete, watsala ndani? Ndipo kungochokapo mwakachetechete sikukwanira. Ku George woyang'anira chitetezo anachoka, ntchito inapitirira. Ukaona choopsa lemba kalata kwa mwini nyumba, ina ipite kukhonsolo, ina ku bungwe lako, kuti amene ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito asadzanene kuti sanamve.

Ifenso eni nyumba tisadziyeretse. Ambiri mwa ife, makamaka amene tikumanga tili kunja, timatumiza ndalama kwa achimwene n'kumangolandira zithunzi pa WhatsApp. Timalolera kuwononga mamiliyoni pa matailosi onyezimira ndi geti yotsegula ndi rimoti, koma ya katswiri timaiona ngati yotaya. Ndalama zikabwera bwino chaka chimenecho timangoti tiwonjezere nsanjika ina, osafunsa amene anajambula maziko. Ku Bangladesh, nyumba ya Rana Plaza inakonzedwa kuti ikhale ya mashopu ndi maofesi, eni ake anawonjezera nsanjika zina popanda chilolezo n'kuikamo mafakitale osoka zovala ndi majenereta olemera. Ming'alu inaoneka pa 23 April 2013, mawa lake antchito anauzidwa kuti alowebe, nyumbayo inagwa ndipo anthu oposa 1,100 anafa. Mtima wa mwini nyumba ameneyo si wachilendo pakati pathu. Kukula kwa nyumba kokha ndiko kukusiyana.

Pempho langa kwa mabungwe oyang'anira akatswiriwa ndi lakuti mndandanda wa olembetsedwa uzipezeka mosavuta, woti munthu wa ku Mzimba kapena wa ku Cape Town auone pa foni yake asanapereke ndalama kwa aliyense. Amene walangidwa chifukwa chogulitsa chidindo, dzina lake lilengezedwe poyera pamodzi ndi chimene analakwa. Kutetezana chifukwa munaphunzira limodzi kukuwonongerani dzina nonse. Akhonsolo nawonso, mukaona dzina limodzi ladinda mapulani ochuluka kuposa amene munthu mmodzi angathe kujambula, muitaneni adzafotokoze puloti iliyonse, nthaka yake ndi yotani ndipo anafikako liti.

Inu amene mukufuna kumanga chaka chino, musanalipire funsani nambala ya kaundula ya katswiri wanu ndipo mukaitsimikize ku bungwe lake. Mufunseni ngati anamangapo nyumba ya msinkhu umenewo, akuonetseni. Mufunseni injiniya amene awerengere maziko, nsanamira ndi silabu ndi ndani, mukumane naye maso ndi maso. Mu mgwirizano mulembe kuti konkire sithiridwa pa maziko kapena pa silabu iliyonse mpaka katswiri atabwera, ataona zitsulo, n'kusayina m'buku la pa saiti. Ndipo auzeni amisiri anu, kuyambira folomani mpaka wotunga madzi, kuti aliyense woona mng'alu akuimbireni inuyo mwachindunji ndipo sachotsedwa ntchito chifukwa chonena.