Za Chisinyar musamayankhe ngati nkhani idatha kale

Andikwiyitsa mapu omwe akuzungulira pa Facebook sabata ino, aja agawa ziyankhulo zonse za mu Africa m'mabanja anayi, banja lililonse utoto wake. Wina wafunsa za chiyankhulo cha Chisinyar, mwini mapu n'kungoyankha kuti chimenecho chili m'gulu la ziyankhulo lotchedwa Central Sudanic, palibe zokambirana. Palibe zokambirana bwanji abale? Akatswiri eni akewo sanamvane mpaka lero, ndiye inu nkhaniyi mwaitsekera pati?

Chisinyar, chomwe eni ake amachitcha Shemya, chimayankhulidwa m'malire a Chad ndi Sudan, cha ku Goz Beida m'chigawo cha Sila komanso ku Foro Baranga ku West Darfur. Ochiyankhula ndi ochepa, ndipo ambiri amadziwanso Chiarabu, Chifur kapena Chimasalit. Mawu ake ambiri ndithu amafanana ndi a gulu la Sara-Bongo-Bagirmi, nthambi ya Central Sudanic, komwe kuli Chibagirmi cha ku Chad ndi Chibongo cha ku South Sudan. Izi palibe akutsutsa. Koma kufanana mawu sikubadwa bere limodzi. Ife nsapato tidazitenga ndi dzina lomwe kwa Apwitikizi, kodi Chichewa chasanduka mwana wa Chipwitikizi?

Vuto lili pa galamala. Pascal Boyeldieu, katswiri wa ku France yemwe adachifufuza mozama, adaonetsa kuti mayina a m'Chisinyar amalandira tizidutswa kumapeto molingana ndi ntchito yawo m'chiganizo. Wochita chinthu ali ndi chizindikiro chake, mwini chinthu chake, malo chakenso. Mayina a anthu amayendanso njira yosiyana ndi mayina wamba. Ziyankhulo za Sara-Bongo-Bagirmi sizichita zimenezi. Ndiye funso n'lakuti: kodi ndi chiyankhulo cha gululi chomwe chidasintha kwambiri chifukwa cha anansi, kapena n'chachilendo chomwe chidangobwereka mawu ochuluka? Roger Blench amachiika mu Central Sudanic. Gerrit Dimmendaal amachisiya pachokha. Anthu awiri odziwa ntchito, mayankho awiri. Inu muli ndi limodzi, mwalitola kuti?

Ubale wa ziyankhulo suyezedwa ndi maso. Mumatenga mawu 100 kapena 200 omwe sabwerekedwa msanga, monga diso, magazi, moto, madzi, ine, iwe. Mawu a malonda, a chipembedzo ndi a zida mumawaika pambali, chifukwa amenewo amayenda ndi alendo. Kenako mumaona ngati katchulidwe kamodzi kakusintha mofanana m'mawu ambiri, osati awiri kapena atatu. Mukatero mumapita kwa alowam'malo ndi tizidutswa ta aneni ndi mayina, poti timeneti ndiye timavuta kubwereka. Ambiri amalekera pa mndandanda wa mawu, n'chifukwa chake amasochera. Ena amagwira zoti Chisinyar chimayamba ndi wochita, kenako mneni, kenako wochitiridwa, komanso kuti chimasiyanitsa mawu pokweza ndi kutsitsa liwu. Nanga Chichewa sichitero? Tikhale abale pa chifukwa chimenecho?

Safunsa anadya phula. Mabanja anayi ajawo ndi kagawidwe ka katswiri wa ziyankhulo Joseph Greenberg ka 1963, ndipo banja la Nilo-Saharan, lomwe Central Sudanic amati ili mkati mwake, nalonso ena amalikayikira. Ulesi basi, kukopera za zaka 60 zapitazo osawerenga zatsopano. Ngati akatswiri akugawikana, lembani kuti akugawikana. Chavuta n'chiyani pamenepa?

Ndipo chondiwawa kwambiri, tikukangana za utoto wa pa mapu pomwe nkhondo ya ku Sudan, kuyambira Epulo 2023, yabalalitsa anthu a ku West Darfur, ambiri n'kuthawira ku Chad. Mwana wokulira mumsasa wa othawa kwawo amatola chiyankhulo cha pamzere wa madzi, osati cha agogo ake. Ndani akujambula mawu a nkhalamba za Chisinyar panopa?