Munthu sadzitcha yekha katswiri

Ndakwiya, ndipo sindibisa. M'mawa uno ndatsegula LinkedIn, tsamba la pa intaneti la nkhani za ntchito, n'kupeza mnyamata wina wa ntchito yathu ya mu labotale walemba nkhani yaitali, akufotokoza njira imene akuti anaitulukira yekha yopewera kusokoneza magazi a odwala akachuluka pa benchi, tebulo loyezerapo magazi. Pansi pa dzina lake walembapo kuti thought leader, kutanthauza wotsogolera maganizo a anthu. Anthu akumuwombera m'manja, ena ayamba kale kumuitana kuti akalankhule ku misonkhano. Abale, njira imeneyo si yake. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'chipinda chimenecho akudziwa mwini wake. Anaiyambitsa ndi mayi ena achikulire amene akhala pa benchi imeneyo kuyambira mnyamatayu asanalowe koleji. Anaiyesa, inakanika, anaikonza, anakangana ndi mabwana, mpaka inakhazikika. Iyeyu anabwera asakudziwa n'komwe kagwiridwe ka pipeti, kachipangizo kotungira timadzi toyeza, ndipo anamuphunzitsa ndi mayi omwewo. M'nkhani yake yonse dzina lawo mulibe. Ngakhale kungoti ndinaphunzira kwa wina, mulibe.

Ndiye ndinene poyera. Munthu sadzitcha yekha katswiri. Sudzuka m'mawa n'kudzilemba kuti ndiwe wotsogolera maganizo a anthu pa ntchito yako. Dzina limenelo amakupatsa ndi anzako a ntchito, ndipo amakupatsa iwe usakudziwa n'komwe. Umangoona kuti zinthu zikavuta foni imalira ndi yako. Umangoona kuti anthu a kwina, amene sunakumanepo nawo, ayamba kugwira ntchito mwa njira yako. Umangomva kuti pa msonkhano umene sunapiteko wina anati tiyambe tafunsa uje. Chizindikiro chake n'chimenecho basi. Ngati ukufunika kulemba wekha pansi pa chithunzi chako kuti anthu adziwe, ndiye kuti sunafike. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Chikundipweteka kwambiri n'choti masiku ano anthu akufuna mbiri ntchito isanachitike. Akufuna atchuke kaye, ntchito idzabwera m'mbuyo. Pali ngakhale maphunziro olipira amene akuphunzitsa achinyamata zimenezi: lemba tsiku lililonse, jambulitsa chithunzi chabwino, yamba nkhani ndi mawu odzidzimutsa, yankha pa nkhani za anthu otchuka kuti akuone. Palibe pamene akuti khala pansi udziwe ntchito yako. Palibe pamene akuti werenga zimene anzako anapeza kale usanatsegule pakamwa. Inde ntchito ikusowa, ndipo LinkedIn, imene anthu ake anapitirira biliyoni imodzi mu 2023, imakweza amene amalemba pafupipafupi. Koma zimenezo sizikupatsa munthu ufulu wotenga thukuta la mnzake n'kulembapo dzina lake.

Taonani anthu amene anasinthadi kaganizidwe ka ntchito yathu ya zaumoyo. Barry Marshall, dokotala wa ku Perth ku Australia, pamodzi ndi Robin Warren, ankanena kuti zilonda za m'mimba zambiri zimayamba ndi kachilombo, pamene madokotala ambiri ankakhulupirira kuti zimabwera chifukwa cha nkhawa ndi asidi. Anthu sanawamvere. Mu 1984 Marshall anatenga madzi odzaza tizilombo ta Helicobacter pylori n'kumwa yekha, nadwala, kuti aonetse kuti zimene akunena n'zoona. Mphotho ya Nobel anadzalandira mu 2005, patadutsa zaka zoposa 20. Munthu anaika mimba yake pa chiswe chifukwa cha zimene ankakhulupirira. Iwe waikapo chiyani? Waika chithunzi chako utavala suti?

Katalin Karikó anakhala zaka zambirimbiri akufufuza za mRNA, kachinthu kamene kamanyamula malangizo opangira mapuloteni m'maselo a thupi, pamene palibe amene ankafuna kumupatsa ndalama zofufuzira. Mu 1995 anamutsitsa udindo ku University of Pennsylvania. Sanasiye. Mu 2005 iye ndi Drew Weissman anasindikiza zimene anapeza, zofotokoza mmene mRNA ingasinthidwire kuti thupi lisalimbane nayo, ndipo anthu ambiri sanalabadire. Ntchito yomweyo ndi imene inadzakhala maziko a katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi BioNTech komanso wa Moderna. Nobel inabwera mu 2023. Zaka zonsezo mayiyu anali pa benchi, manja ali pa ntchito. Nayenso Tu Youyou wa ku China, amene gulu lake linapeza artemisinin, mankhwala amene apulumutsa anthu mamiliyoni ku malungo, analibe digiri ya udokotala wa zofufuza, sanakaphunzire kunja, ndipo anayamba wayesa mankhwalawo pa thupi lake asanawapereke kwa odwala. Anawapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dziko linadzamulemekeza ndi Nobel mu 2015, ali ndi zaka 84. Awa ndiwo anatsogolera maganizo a anthu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anayamba ndi kudzitcha dzina. Anayamba ndi ntchito. Ntchito kaye, dzina pambuyo. Ndibwerezanso kwa amene sanamve: ntchito kaye.

Ndipo tikudziwa kale kumene njira inayo imathera, chifukwa inachitika mu ntchito yathu yomweyi yoyeza magazi. Elizabeth Holmes anayambitsa kampani ya Theranos mu 2003, akulonjeza kuti ndi timadontho tochepa ta magazi ochokera pa chala angathe kuyeza matenda ambirimbiri. Ankalankhula mokoma. Nkhope yake inali pa zikuto za magazini akuluakulu monga Fortune ndi Forbes. Ankaitanidwa ku misonkhano ya anthu apamwamba, ndipo pofika 2014 kampaniyo inkati ndi ya madola 9 biliyoni. Aliyense ankati nayu mtsogoleri wa mawa. Koma makinawo sankagwira ntchito monga ankanenera, ndipo zoyeza zambiri zinkachitidwa mobisa pa makina wamba ogulidwa ku makampani ena. Kumayambiriro kwa 2015 katswiri wina, John Ioannidis, analemba m'magazini ya madokotala ya JAMA kudabwa kuti kampani yotchuka chonchi sikusindikiza umboni wake kuti akatswiri ena auunike. Mu Okutobala chaka chomwecho mtolankhani John Carreyrou wa Wall Street Journal anaulula nkhani yonse. Nanga amene anamuthandiza kuona choonadi anali ndani? Antchito achinyamata a mu labotale momwemo, Erika Cheung ndi Tyler Shultz, anthu opanda dzina panthawiyo, amene ankaona ndi maso awo kuti zotsatira sizikugwirizana. Kampani inatsekedwa mu 2018. Mu 2022 khoti linapeza Holmes wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama mu kampaniyo, ndipo linamulamula kukakhala kundende zaka zoposa 11. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Odwala enieni analandira zotsatira zolakwika chifukwa anthu anamvera pakamwa pokoma m'malo mofunsa umboni.

Mu ntchito ngati yathu zimenezi si masewera. Mnyamata ndikumunenayu, polemba njira ya mayi aja, wasiya mbali imodzi yofunika, ya kuonanso kachiwiri dzina ndi nambala ya wodwala usanatulutse zotsatira. Wasiya chifukwa sakudziwa kuti mbaliyo inaikidwapo chifukwa chiyani. Sanalipo tsiku limene zinthu zinalakwika. Anangoona njira itatha kale, naikopera mbali zooneka bwino. Tsopano wina kutali uko awerenga, akhulupirira chifukwa wolembayo ali ndi omutsatira ambiri, n'kuyamba kuchita zomwezo. Magazi a munthu wina akapita pa dzina la mnzake, ayankha ndani? Wolemba uja adzakhala ali pa nkhani ina, akulandira zikomo. Umu ndi mmene amasiyanira wodziwa ndi wongomva. Wodziwa amakuuza pamene njira yake imalephera. Amakuuza kuti apa samala, ndinaonapo zikuvuta. Wongomva zonse kwa iye ndi zosalala, chifukwa sanapsepo nazo.

Ndikudziwa ena a inu muyankha kuti mayiwo bwanji sanalembe okha, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pamenepo ndikuvomerezani pang'ono. Kukhala chete ndi nzeru zothandiza anthu si chinthu chabwino. Ignaz Semmelweis anaonetsa ku Vienna mu 1847 kuti madokotala akamasamba m'manja ndi madzi a klorini, amayi omwalira ndi matenda obwera atangobereka amachepa kwambiri, koma buku lake lofotokoza zonsezi anadzalitulutsa mu 1861, ndipo kuchedwa kumeneko sikunamuthandize iye kapena amayiwo. Choncho lembani, lankhulani, phunzitsani, sindikuletsa. Amene muli ndi luso ndipo mwangokhala phee, mukutilakwira tonse. Koma kuchedwa kulemba kwa mwini wake sikusandutsa wakuba kukhala mwini. Ukapeza mnzako sanalembe, umapita kukamulimbikitsa, kapena mumalemba limodzi, dzina lake patsogolo. Sutenga n'kuthawa nazo. Kodi n'chovuta kulemba kuti izi ndinaphunzira kwa mayi akutiakuti? Chimakuchotsera chiyani? Anthu odziwa ntchito amalemekeza kwambiri munthu wotchula aphunzitsi ake kuposa wonamizira kuti nzeru zinamugwera kuchokera kumwamba.

Mukufuna anthu a ntchito yanu azikumverani? Sankhani vuto limodzi limene limasautsa aliyense, mukhale nalo mpaka mulidziwe kuposa wina aliyense. Limodzi, osati lero za utsogoleri, mawa za ndalama, mkuja za banja. Sungani zimene mukupeza, manambala ake, masiku ake, ndi pamene zinakanika pomwe. Zionetseni kwa anthu amene angakutsutseni, anthu odziwa ntchito amene saopa kukuuzani kuti apa mwalakwitsa. Mukatsutsidwa musathawe, musafufute ndemanga, yankhani ndi umboni kapena sinthani maganizo. Phunzitsani achinyamata obwera m'mbuyo mwanu popanda kuyitana wojambula. Zimenezi zimatenga zaka, ndipo zaka zambiri mwa izo palibe amene adzakuwomberani m'manja. Ngati simungapirire zimenezo, ndiye kuti chimene mukufuna ndi kutchuka, ndipo kutchuka ndi chinthu china. Musatinamize kuti ndi ukatswiri.

Ine zonditopetsa ndi zimenezi. Munthu sanakhalepo usiku makina atafa, odwala akudikira, koma ali ndi nkhani ya maphunziro asanu amene anawapeza pa utsogoleri. Munthu sanayambe wasainapo zotsatira zimene moyo wa munthu ukudalira, koma akuphunzitsa dziko za kulimba mtima. Sanalakwitsepo chifukwa sanachitepo kanthu. Ndipo ife tomwe, amene tikudziwa choonadi, timadina chala chokweza n'kulemba kuti zabwino zonse bwana. Tikuopa chiyani? Timadziwa mwini ntchito, timadziwa wakuba, koma timangoyang'ana. Ifenso tili ndi mlandu pamenepa. Wina akadzitcha yekha katswiri, mufunseni funso limodzi lokha: tionetseni chimene munachita ndi manja anu, ndi amene akuchigwiritsa ntchito lero. Akayamba kuzungulirazungulira, mwapeza yankho.

Ndipo inu okonza misonkhano, ndili nanu mawu. Mumasankha bwanji olankhula? Mumayang'ana chiwerengero cha omutsatira, mumayang'ana amene ali ndi chithunzi chowala, amene amalankhula mosadodoma. Munthu yemweyo chaka chino, chaka chamawa yemweyo, mawu ake omwewo, angosintha mutu wa nkhani. Anthu amene akugwira ntchito yeniyeni akhala kumbuyo kwa holo, ena sanapatsidwe n'komwe chilolezo chochoka pa ntchito chifukwa akachoka labotale iyima. Mumawafunafuna liti amenewa? Kufunsa kokha m'malo a ntchito kuti kuno zikavuta mumathamangira kwa ndani, mungapeze olankhula okwana zaka khumi. Koma ayi, mukufuna wodzaza mipando. Kenako mumapereka mphotho zimene munthu amadzilembetsa yekha, n'kulipira yekha, n'kupempha abale ake kuti amuvotere, mawa lake n'kulemba kuti wadzichepetsa ndi ulemu umene walandira. Ulemu wanji wogula?

Tsopano zafika poipa kuyambira pamene ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera anthu nkhani, inatuluka mu Novembala 2022. Munthu sakufunikanso ngakhale kukopera kwa mnzake. Akungouza kompyuta kuti imulembere nkhani ya nzeru pa ntchito yake, n'kuiponya pa intaneti asanaiwerenge n'komwe. Mukaziwerenga zonse zikufanana, mizere ifupiifupi, mawu okoma opanda fungo la ntchito, kumapeto kafunso koti inu mukuganiza bwanji. Pansi pake ndemanga nazo zolembedwa ndi kompyuta yomweyo. Makina akulemba, makina akuyankha, anthu akusinthana maulemu. Mukakumana naye maso ndi maso n'kumufunsa kuti pa ndime yachitatu paja mumatanthauza chiyani, akuyamba kuyang'ana pa foni.