Injini yochepetsedwa dala

Nkhani yanuyi ya ndege zogwa pophunzitsa oyendetsa yandikhudza, achimwene. Ine ndimakhala pafupi ndi bwalo la Chingodzi kuno ku Tete, ndege ikamatera ana amathamangira panja kukaibayibitsa.

Chimandiwawa n'choti ngozi zina zimachitika mphunzitsi akachepetsa dala mphamvu ya injini imodzi ndege itangonyamuka, ati aone ngati wophunzira angaiwongole. Ndege ili m'munsi choncho, akangochedwa pang'ono imapendekeka, mpata wokonza palibe. Zoterezi aziyeserera pa makina a pansi oyerekezera kuyendetsa ndege, chonde!

Koma mwaiwala mphepo. Mu 1972 ku Texas, ndege ya mtundu wa DC-9 ya kampani ya Delta, ili pa ulendo wophunzitsa oyendetsa, inagwa potera italowa m'kamvuluvulu wosiyidwa ndi ndege ina ya mtundu wa DC-10 imene inali patsogolo pake. Anthu onse 4 anafera pomwepo.