Mabwana inu, pathupi si mlandu

Tamverani kuno inu eni mashopu a mu Limbe ndi ku Malangalanga, eni malesitilanti ndi masukulu apulayiveti, ndi inunso amayi a kumayadi amene mumalemba atsikana antchito. Khalidwe mwalizolowerali lidzakupalamulitsani.

Mwana wa eni wakugwirirani ntchito zaka, osajomba, osasowetsa ngakhale supuni. Lero mwangoona kuti wayamba kumanga chitenje pamwamba pa yunifomu, basi zifukwa zatuluka: "bizinesi sikuyenda", "kapumeni kaye, tidzakuimbirani". Foniyo siibwera. Sabata isanathe pamalo pake pali kale wina, kawirikawiri mphwanu wochokera kumudzi. Mulibe manyazi? Inuyo munagwa kuchokera mumtengo, kapena anakuberekani mayi?

Mwina simunauzidwe, ndiye ndikuuzeni. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8 pa zaka zitatu zilizonse, malipiro ake onse akulandira, ndipo akachira abwerere pantchito yake. Kumuchotsa chifukwa cha pakati ndi mlandu woti munthu n'kulowa nawo kundende. Pomwe ambiri mumapusirapo ndi apa: nkhani ikafika kukhoti, si mayiyo amene amavutika kupereka umboni ayi. Ndinu abwana amene muyenera kutsimikizira khoti kuti simunamuchotse chifukwa cha pathupi. Ndiye kafotokozeni bwinobwino kuti bizinesi yosayendayo inalemba bwanji munthu wina mawa lake.

Enanso mwachenjera, mumayambira pa intavyu penipeni: "Muli pabanja? Mukufuna kubereka liti?" Funso limenelo mwamuna simumufunsa, chonsecho kuyambira 2021 nayenso ali ndi masabata awiri a tchuthi mkazi wake akachira. Za kwawo kwa munthu, mtundu wake, mpingo wake, kapena ngati amamwa ma ARV, nazonso zisiyeni; gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino linaletsa kale tsankho lotere.

Ndipo inu ana anga aakazi, lekani kusayina makalata osawawerenga. Akakupatsani pepala lonena kuti mwasiya nokha ntchito, likaneni, ngakhale akuopsezeni chotani. Sungani mauthenga a pa WhatsApp ndi mapepala a malipiro, mupite nawo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Zikakanika kumeneko, khoti la milandu ya zantchito lilipo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mukhoza kukadandaula nokha popanda loya.